Mbalame ziwiri zobiriwira zaswa mwana woyera wa maso ofiira: chachitika nchiyani?

Woweta wa ku Kapata, Chipata

Ndikupereka moni kwa inu nonse amene mumaweta mbalame za budgie, zinkhwe zazing'ono zija zoweta m'khola. Ndili ndi yaimuna ndi yaikazi zimene ndinagula kwa anthu awiri osiyana muno mu Chipata. Zonse ziwiri ndi zobiriwira, za nkhope yachikasu ndi mizere yakuda pamapiko, kungoti yaimunayo kubiriwira kwake nkoderako pang'ono. Zimakhala ziwiri zokha m'khola. Yaikazi inaikira mazira 6, ndipo 5 anaswa. Tsopano nthenga zamera: ana atatu ndi obiriwira, mmodzi ndi wabuluu wa nkhope yoyera, ndipo wotsiriza ndi woyera mbee, wopanda mzere uliwonse, maso ake ofiira. Mnzanga wina woweta nkhunda akuti woyerayo ndi wodwala ndipo sakhalitsa, pamene ena akuti amene anandigulitsa anandinamiza. Ndikupempha mundithandize kumvetsa kumene mitundu imeneyi yachokera, ngati woyerayo ndi wamwamuna kapena wamkazi, komanso mbalame imene ndingadzamuphatikize nayo kuti ndipeze ena oyera, chifukwa anthu amene amuona akumufunitsitsa.

Mphunzitsi wa ku Katete

Achimwene, palibe amene anakunamizani, ndipo mwanayo sakudwala. Zimene mwafotokozazi zikugwirizana ndendende ndi malamulo a chibadwa, ndipo chisa chimodzi chokhachi chakuululirani zambiri za makolo awiriwo kuposa zimene wogulitsa akanakuuzani.

Tiyambe ndi nthenga yeniyeniyo. Mbalamezi kwawo ndi ku Australia, kumene zakutchire ndi zobiriwira, ndipo mitundu yambirimbiri imene tikuiona lero inakhazikika m'makola a oweta kuchokera pamene John Gould anafika nazo ku England mu 1840. Mu nthenga yobiriwira mulibe utoto wobiriwira ayi. Muli utoto wachikasu, ndipo mkati mwake muli utoto wakuda wa melanin umene, pamodzi ndi kapangidwe ka nthengayo, umabweza kuwala kwa buluu. Chikasu chikasakanikirana ndi buluuyo, diso limaona kubiriwira. Chotsani chikasu, mbalame ioneka yabuluu, nkhope yake nkukhala yoyera. Chotsani melanin, ikhala yachikasu yokhayokha ya maso ofiira, imene oweta amaitcha lutino. Zikachoka zonse ziwiri, patsala mbalame yoyera ya maso ofiira, imene ndi albino, ndipo ndiye mwana wanuyo.

Pa chizindikiro chilichonse mwana amalandira jini, kanthu ka chibadwa konyamula chizindikirocho, limodzi kwa bambo ndi lina kwa mayi. Jini la buluu ndi lobisala: silionekera pokhapokha mwana atalilandira mbali zonse ziwiri. Mbalame imene ili ndi limodzi lokha imaoneka yobiriwira ngati inzake iliyonse, koma yasenza buluu mkati, ndipo oweta amati ndi split. Popeza mwaswetsa mwana wabuluu, palibe chikaiko kuti bambo ndi mayi onse awiri ndi split ya buluu. Pa makolo otere, mwana mmodzi mwa anayi alionse amayembekezereka kusowa chikasu.

Nkhani ya maso ofiira ili ndi njira yake yosiyana, ndipo apa mpamene ambiri amasokonezeka. Jini lochotsa melanin, lotchedwa ino, limakhala pa kromozomu (kaulusi konyamula majini m'thupi) yosiyanitsa yaimuna ndi yaikazi. Mwa anthu, mwamuna ndiye ali ndi makromozomu awiri osiyana, koma mwa mbalame zinatembenuka: yaimuna ili ndi ZZ, yaikazi ili ndi ZW. Jini la ino limakhala pa Z. Yaikazi ili ndi Z imodzi yokha, choncho ilibe pobisa. Ikakhala nalo jinilo limaonekera, ndipo ikakhala yobiriwira ndiye kuti ilibe. Yaimuna yokha ndi imene ingathe kulisenza osalionetsa. Yaikazi yanu ndi yobiriwira, ndiye kuti ino yachokera kwa bambo. Mwana wamwamuna amalandiranso Z ya mayi, imene ilibe ino, kotero sangakhale wa maso ofiira. Wamkazi amalandira Z ya bambo yokha. Pachifukwa ichi ndikunena molimba mtima kuti woyerayo ndi wamkazi, ngakhale sindinamuone.

Mukaphatikiza zonsezi, pa ana 16 a makolo amenewa mungayembekezere 9 obiriwira, 3 abuluu, 3 a lutino ndi 1 wa albino, ndipo a lutino ndi albino onsewo adzakhala aakazi. Mwapeza wosowa kwambiri pa chisa choyamba. Komabe dzira lililonse limagwa palokha, osayang'ana anzake, ndiye zisa zitatu zotsatira zingathe kudutsa popanda woyera ngakhale mmodzi.

Mayi wa ku Petauke

Aphunzitsi afotokoza bwino, ndipo ine ndingowonjezera za diso ndi za kaphatikizidwe, chifukwa ndi pamene ndalama za oweta ambiri zimatayikira.

Si budgie iliyonse yoyera imene ili albino. Pali mtundu wa spangle, umene mbalame ikalandira jini lake mbali zonse ziwiri imakhala yoyera kapena yachikasu thupi lonse, koma maso ake amakhala akuda, ndipo ikakula pamabwera kamkombero koyera kozungulira diso. Palinso ina yotchedwa dark-eyed clear, imene maso ake ndi akuda popanda kamkombero kameneko. Musanagule mbalame yoyera, itulutsireni poyera ndi kuyang'ana diso kuwala kukulowa cham'mbali. La albino limafiira ngati magazi, ndipo ngakhale tsiku loswa lomwe, khungu lisanatseguke, malo a maso amaoneka apinki pamene a anzake amaoneka akuda. Samalani ndi ana a cinnamon, amene amabadwa ndi maso ofiirira koma amada pakapita masiku ochepa.

Chinanso, musadalire kachikopa ka pamphuno posiyanitsa yaimuna ndi yaikazi monga momwe timachitira ndi mbalame wamba. Yaimuna wamba ikakula kachikopako kamakhala kabuluu, koma yaimuna ya albino, ya lutino kapena ya recessive pied (ya mawangamawanga) kamakhalabe kapinki kosalala mpaka kukalamba. Ndaonapo anthu akuika aamuna awiri m'khola limodzi nkumadikira mazira chaka chathunthu. Yaikazi kachikopa kake kamakhala kotumbuluka, ndipo nthawi yoikira ikayandikira kamasanduka kabulauni kokakala.

Tsopano za funso lanu lotsiriza. Mukaphatikiza albino wanuyo ndi yaimuna wamba yopanda jini la ino, simudzapeza mwana wa maso ofiira ngakhale mmodzi. Ana aamuna onse adzakhala split ya ino, ndipo aakazi sadzatenga kalikonse ka ino. Mukamupezera yaimuna yabuluu imene ili split ya ino, theka la ana lidzakhala albino, aamuna ndi aakazi omwe, theka linalo abuluu. Mukamupezera yaimuna ya albino, ana onse adzakhala albino. Wina adzakuuzani kuti njira yachidule ndiyo kumubwezera kwa bambo wake, popeza ali kale ndi jinilo. Zoona oyera adzatuluka, koma ine sindikulangizani kutero. Mbalame zathu kuno nzochepa, ndipo zambiri nzapachibale kale ngakhale tazigula makomo osiyana. Kukwatitsa bambo ndi mwana kumasonkhanitsa zofooka zobisika pamodzi ndi mtundu umene mukufunawo, ndipo mumayamba kuona mazira osaswa ndi ana onyentchera. Kuli bwino kusinthana yaimuna ndi woweta wa ku Lundazi, ku Lusaka kapena tsidya la malire a Mwami, amene angakuuzeni makolo a mbalame yake.

Dziwaninso kuti kuyera kwa albino kuli ngati nsalu yofunda: pansi pake pangakhale mitundu ina ya nthenga monga opaline, spangle kapena buluu woderapo, ndipo mumazidziwa pokhapokha ana atabadwa. Nchifukwa chake ine ndimasunga kabuku kolembamo makolo, tsiku loswa ndi mtundu wa mwana aliyense, ndipo ndimaveka ana mphete zapamwendo za mitundu yosiyana asanatuluke m'chisa. Amene amaweta mbalame zambiri m'khola limodzi sangalosere kanthu, chifukwa sadziwa bambo weniweni wa dzira lililonse.

Woweta wa ku Mambwe

Ndikugwirizana ndi onse awiri, koma mawu a mnzanu woweta nkhundayo asatayidwe onse. Albino si wodwala, komabe diso lopanda melanin limavutika ndi kuwala kwambiri. Dzuwa la mwezi wa October kuno kuchigwa cha Luangwa si lamasewera, ndipo ngakhale ku Chipata kumatentha ndithu, choncho khola likhale ndi mbali yamthunzi tsiku lonse. Musafulumirenso kumuikira chisa. Anthu akamafunsa mbalame, mtima umafuna kuswetsa msanga, koma yaikazi isanakwanitse pafupifupi chaka chimodzi imavutika kutulutsa dzira ndipo ingathe kufa nalo. Makolo aja nawonso apumitseni akalera zisa ziwiri motsatizana, powachotsera bokosi loikiramo. Pa mawere ndi mbewu zina zimene mumawapatsa, wonjezerani masamba otsukidwa bwino, dzira lowiritsa pang'ono pa nthawi yolera, ndi chakudya cholimbitsa chikhungwa cha mazira. Zinkhwe zazing'ono zobiriwira za nkhope yofiirira zimene zimauluka kuchigwa kuno, za mtundu wa Lilian's lovebird, ndi mbalame ina yosiyana kotheratu, ndipo zoloserazi sizikukhudza izo.

Woweta wa ku Kapata, Chipata

Zikomo kwambiri aphunzitsi, amayi ndi achimwene a ku Mambwe. Ndayang'ana diso poyera ndipo ndi lofiiradi. Ndasiya maganizo omubwezera kwa bambo wake. Chatsala ndi mwana wabuluu uja: buluu wake ndi wakuya, wosiyana ndi wa mbalame zooneka ngati thambo zimene ndimaziona kwa anzanga. Kodi zimenezi zikugwirizana ndi kudera kwa bambo wake, ndipo iyeyu angandipatse albino?

Mphunzitsi wa ku Katete

Zikugwirizana. Pali jini lina lodetsa mtundu, lotchedwa dark factor, limene silibisala. Mbalame yopanda jinili imakhala light green, kapena sky blue ikakhala yabuluu. Yokhala ndi limodzi imakhala dark green kapena cobalt, ndipo yokhala ndi awiri imakhala olive kapena mauve. Mmene mwafotokozera, bambo ndi dark green ndipo mwanayo ndi cobalt. Kuti mutsimikize kuti si jini lotuwitsa limene likudetsa bamboyo, yang'anani timadontho ta m'masaya ndi nthenga zazitali za kumchira: dark green ili ndi masaya a violet ndi mchira wabuluu wakuya, pamene grey green, yokhala ndi jini lotuwitsalo, ili ndi masaya otuwa ndi mchira wakuda. Jini lodetsali limakhala pa kromozomu imodzi ndi la buluu, ndipo kawirikawiri amayendera limodzi, kotero ngati mwana wabuluu woyamba watuluka cobalt, nkutheka kwambiri kuti abuluu otsatira ambiri adzakhalanso cobalt.

Za albino, zikudalira ngati mwanayo ndi wamwamuna kapena wamkazi, zimene mudzaziona bwino pa kachikopa ka pamphuno akathothoka nthenga zoyamba pa miyezi itatu kapena inayi, mizere ya pamphumi ikachoka. Akakhala wamkazi alibe ino konse. Akakhala wamwamuna, mwayi woti ndi split ndi theka, ndipo palibe chizindikiro cha pathupi chimene chingakuuzeni. Njira yake ndiyo kumuphatikiza ndi yaikazi yabuluu yosakhala wachibale: pakatuluka mwana mmodzi yekha wa maso ofiira, mwadziwa kuti ndi split, ndipo mwanayo adzakhala albino wamkazi. Ana anayi kapena asanu opanda ino sakwanira kugamula kuti alibe, ndiye mudikire zisa ziwiri kapena zitatu musanalembe m'kabuku.