Mgolo woyandama pamtsinje: ndikanene kuti?

Moni nonse m'gulu muno. Ndithandizeni nzeru.

Lero ndi tsiku lachinayi ndikuona mgolo wabuluu wapulasitiki, wa malita 200 uja, utakodwa pachipilala chapakati cha mlatho umene ndimawoloka popita kuntchito. Ndi wotseka, ukuyandama chopendekeka, ndipo pambali pake pali chizindikiro cha chigaza ndi mafupa awiri opingasa. Chimenechi ndiye chandisowetsa mtendere, paja chimatanthauza poizoni, ndipo chakumunsi kwake ana amasambako.

Ndaimbira akhonsolo kawiri, foni imangoitana. Apolisi anati si nkhani yawo. Mnzanga akuti tiukoke ndi chingwe, ine ndakana, ungatibookere m'manja.

Kodi zinthu zotere amachotsa ndani? Ndipite ku ofesi iti kuti abwere msanga, madzi asanaukokolole?