Kubwezeretsa zomera zachilengedwe pamunda wa mphesa za vinyo

Funso:
Ndimayang'anira munda wa mphesa zopangira vinyo ku Western Cape, m'dziko la South Africa, ndipo m'mphepete mwa mtsinje wathu mwadzaza mitengo ya black wattle yochokera ku Australia. Kodi tikaidula, zomera za fynbos (tchire lachilengedwe la dera lino) zidzamera zokha, kapena tidzafunika kubzala?

Yankho loyamba:
Kudula kokha sikukwanira ayi. Njere za mitengoyi zimakhala zamoyo m'nthaka kwa zaka makumi angapo, ndipo moto ukadutsa zimamera mothithikana kuposa poyamba. Muzipaka mankhwala pazitsa kuti zisaphukire, kenako muzibwerako chaka ndi chaka kudzazula timitengo tatsopano. Ambiri amalephera pa ntchito yobwereza imeneyi.

Yankho lachiwiri:
Zidalira mbiri ya nthakayo. Ngati sinalimidwepo, njere ndi mizu ya zomera zakale zingakhale zikadalimo, choncho dikirani nyengo ya mvula ya m'miyezi yozizira idutse kuti muone zimene zituluke. Ngati inagaulidwa ndi kuthiridwa feteleza, muyenera kufesa njere zotoledwa pafupi, pokumbukira kuti zambiri zimamera bwino zikakhudzidwa ndi utsi, ndiponso kuti maprotea (zitsamba zamaluwa za m'gulu la fynbos) amafa m'nthaka yochuluka phosphorus, mchere wopezeka mu feteleza. Chifukwa cha ichi, feteleza wa mphesa asakokolokere kumeneko.

Yankho lachitatu:
Ndikuvomereza, koma ndingawonjezere kuti kuchotsa wattle kumapulumutsa madzi ambiri, pomwe zomera zachilengedwe zimasunga tizilombo todya tinzake towononga mphesa. Funsaninso bungwe loteteza zachilengedwe la WWF South Africa, lomwe limagwira ntchito ndi minda ya vinyo kudzera mu pulogalamu ya Conservation Champions.