Kuimba gitala m'misewu ya kunja, alipo anayesapo?

Banjo_wa_Kamwendo:

Moni nonse akuluakulu. Ine ndimakhala pa Kamwendo ku Mchinji, ndimaimba gitala ndi kang'oma kopondera ndi phazi, tsiku la msika ndimakhala pafupi ndi anyamata a kabaza nkumaimba, anthu amaponya ma K200, akakoma mtima K500, koma kunena zoona imangokwana ya nsambo ndi chipisi basi. Nde mnzanga wina amandiuza kuti kunja anthu amalipira lendi ndi zomwezi, amvekere ku Joni azungu amaponya mapepala okhaokha. Pasipoti ndili nayo, sinadindidwepo nkamodzi komwe. Maganizo anga ndi oti ndikagulitsa soya ndinyamuke. Funso langa, ndiyambire kuti? Nanga amamanga kapena munthu umangofika nkukhala pansi nkuyamba kuimba? Amene munayendako thandizeni, osandiseka chonde.

Mtchona_wa_Mkanda:

Aise, mnzakoyo anaimbapo yekha kapena anangoona pa TikTok? kkkk. Ine ndakhala ku Cape Town zaka zingapo, sindine woimba, ndimagwira ya m'dimba, koma oimba mumsewu ndimawaona sabata iliyonse. Choyamba, Mmalawi akalowa South Africa amapatsidwa masiku 30 okha, ndipo ndi a ulendo, sikuti ndi ogwirira ntchito. Ukapitirira masikuwo potuluka amakulembera kuti usabwerenso, chaka chimodzi kapena mpaka zisanu kutengera wapitirira motani, ukagwidwa mkati nde ndi nkhani ya ku Lindela imeneyo, kumene amasungira anthu oyembekezera kuthamangitsidwa m'dzikomo, funsa aliyense amene anabwera pa basi yothamangitsidwa akuuza. Tsono ganiza, ena tonse timabisala kuseri kwa mipanda ya mabwana, iwe ntchito yako ndi yokaima poyera nkumakuwa kuti anthu akuone. Wapolisi woyamba kudutsa akufunsa mapepala.

Chachiwiri malo abwino onse ali ndi eni ake. Ku V&A Waterfront kumene kumadzaza alendo sumangofika ayi, amayamba akumva kaye ngati umatha, akakuvomera amakupatsa malo ako ndi nthawi yako. M'tauni namo muli malamulo a khonsolo. Mu 2013 kunali nkhani yaikulu, apolisi a mzinda anaphwanya gitala ya bambo wina wosaona amene ankaimba pakati pa tauni, anthu anakwiya kwambiri, ndipo ameneyo anali nzika ya komweko, nanga iwe wa pa Kamwendo? Komanso June mpaka August kumagwa mvula yozizira yolowa m'mafupa, palibe amaima kumvera nyimbo. December nde kuli anthu koma mphepo yake imaulutsa chipewa ndi ndalama zomwe.

Nsambo4:

Achimwene musamuopseze kwambiri mwana, zimatheka, kungoti akufuna kulumpha mtsinje pamene pali potakata. Ine ndinazichitapo, osati ku Joni koma ku Zambia konkuno, miyezi iwiri ndi theka, ndi gitala ya nsambo zinayi yopanga ndekha. Mphwanga, iwe uli pa Kamwendo, boda ya Mwami ili pakhomo pako, ukawoloka Chipata ndi makilomita ngati 30 basi. Bwanji osayambira pamenepo? Viza safuna, chilankhulo ndi chomwechi, ukaimba za apongozi kapena za feteleza anthu amaseka pamalo oyenera kuseka. Zikakanika madzulo omwewo wagona kwanu.

Ndikuuze za tsiku langa loyamba ku Lusaka. Ndinatsika pa Intercity kutada nditakhala m'basi tsiku lonse, paja kuchoka Chipata ndi makilomita oposa 500, mmawa mwake ndinakakhala pakhomo pa shopu ina yaikulu poganiza kuti pamene pali magalimoto okongola mpamene pali ndalama. Ndisanamalize nyimbo yachiwiri alonda awiri anafika, wina anagwira khosi la gitala, winayo anatola kambale kanga nkukhuthulira tindalama m'thumba la malaya anga, amvekere mudala nyamukani apa mpa eni ake. Sanandimenye, koma manyazi ake eee. Ndinaphunzira pompo kuti anthu a magalimoto saponya, amatseka galasi. Amene amaponya ndi amayi a pamsika, makondakitala, anyamata a mawilibala, anthu oti naonso ndalama amaipeza movutikira. Nditasamukira cha ku Soweto Market ndinayamba kaye ndapereka moni kwa wapampando wa chigawo chimenecho, ndinamuimbira imodzi yaulere, iyeyo ndi amene anandilozera pokhala, pafupi ndi mayi wina wogulitsa kapenta. Mayi ameneyo amandisungira chikwama, ine nkumamuitanira makasitomala m'nyimbo. Tinagwirizana kwambiri moti tsiku limene sindinapite anatuma mwana kudzandifuna.

Tina ting'onoting'ono tomwe palibe angakuuze. M'kambalemo uziyamba waikamo ndalama zako, anthu saponya m'mbale yopanda kanthu, koma zikachuluka uzichotsa nkusiya zochepa, apo ayi kamwana kadutsa nako kambale konse. Usaimbe nyimbo 20, konza zisanu zimene umazitha ngakhale uli mtulo, anthu ake amasintha mphindi iliyonse palibe angadziwe kuti ukubwereza kupatula ogulitsa oyandikana nawe, amenewo nde uziwasinthirako pena angakutopere. Dzuwa likakwera mawu amauma, nthawi yabwino ndi mmawa anthu akamatsika mabasi ndi cha m'ma 4 akamaweruka. Nyamula waya wa buleki ya njinga wapadera, nsambo imaduka nthawi imene anthu ayamba kuvina, sindidziwa chifukwa chake.

Ku Livingstone ndinafikako, kuja kuli Victoria Falls. Kumeneko ndinaona chinthu china. Ndinayesa kuimba nyimbo za Chizungu kuti ndisangalatse alendo, amangodutsa ngati sakundiona. Nditabwerera ku zathu zomwe, kang'oma kakugunda, nde anayamba kuima, kujambula, kufunsa kuti gitalayi wapanga ndi chani. Munthu wachoka ku Germany sangabwere kudzamva iwe ukuphotchola nyimbo ya kwawo. Taona a Madalitso Band, anayambira m'misewu ya Lilongwe ndi babatoni, chigitala chachikulu cha nsambo imodzi, mu 2017 anakaimba ku chikondwerero cha nyimbo cha Sauti za Busara ku Zanzibar, kenako maulendo a ku Ulaya. Koma zindikira kuti iwowo kunjako anachita kuitanidwa, mapepala ali m'manja, sanapite kukayesa mwayi pa siteji ya basi.

Ndalama? Ndinadya, ndinalipira pogona, ndinabwera ndi foni ndi sipika ya batire. Malata sindinagule.

NaPhiri_Boma:

Ine funso langa ndi limodzi, muli ndi banja? Chifukwa ngati alipo mayi kunyumba ndalama ya soyayo si yanu nokha. Amuna ambiri kuno ananyamuka ndi mawu oti miyezi itatu ndabwera, pano ana akulemba Standard 8 bambo sakuwadziwa. Pitani pa Chipata Loweruka, Lolemba mubwere mutiuze mwapeza zingati, osati zogulitsiratu mbewu yonse.

Banjo_wa_Kamwendo:

Mayi NaPhiri mwandilasa kkkk, alipo ndi mwana mmodzi, ndipo nkhaniyi sanaimve bwinobwino. A Nsambo4 zikomo kwambiri akulu, ya wapampandoyo sindikanaiganiza. Nanga pa boda akandifunsa za gitala ndinene chani? Komanso ndalama za ku Zambia mumasinthira kuti?

Nsambo4:

Gitala ndi katundu wako ngati chikwama, ine sanandivutitsepo nayo, mmodzi anangondiuza kuti ndiimbe pang'ono amve. Koma usaiwale zomwe anena a Mtchona, chidindo cha mlendo si chilolezo cha ntchito ngakhale ku Zambia, nde wina akafuna kukulemba kuti uziimba pa bala lake usiku uliwonse dziwa kuti imeneyo ndi nkhani ina, imafuna pemiti. Akakudindira yang'ana masiku amene alemba usanachoke pawindo, usangoganiza kuti ndi mwezi, ndipo ulembe tsikulo penapake. Zosintha ndalama, anyamata a pa boda ali ndi manja othamanga, werenga wekha kawiri usanapereke zako, kapena pita ku bureau ku Chipata ungotaya pang'ono mtima uli m'malo.

Ukafuna poyesera pabwino dikira Kulamba ku Mkaika, ku Katete, kumapeto kwa August. Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amakhala ali pompo kwa Gawa Undi, anthu a ku Mchinji amapita ambirimbiri moti thiransipoti siivuta. Kubwalo kwenikweni usayandikeko ndi gitala, kumeneko nkwa Gule ndi mafumu, iwe ukakhale kumene kuli ogulitsa nyama yootcha ndi zitenje. February kulinso Nc'wala ya Angoni ku Mtenguleni kufupi ndi Chipata, kungoti ndi nthawi ya mvula, ukulunge gitala m'pepala la pulasitiki. Ine chaka chino ku Mkaika ndipita, ukatsimikiza undiuze tikwerere limodzi pa Boma, koma kang'omako ubwere nako, kanga kanang'ambika chikumba.