Thandizeni: seal ya habu yakumbuyo ikungotayitsa oyilo

Akuluakulu amakaniko, ndagwira njakata, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi thiraki ya matani 30 imene imanyamula katundu kuchokera ku Kanengo kupita ku Mchinji. Pa ekiselo yakumbuyo, mbali ya kumanzere, ndasintha seal (labala yotchinga oyilo kuti asatuluke) ya pa habu, pomangirira matayala, kawiri mwezi uno, koma ikangoyenda maulendo awiri oyilo wayambanso kutuluka. Dzulo nditachotsa dramu ndinapeza malainingi a mabuleki anyowa chonyowa, akununkha giya oyilo. Zimenezi ndiye zikundisowetsa tulo, chifukwa dalaivala ndi mlamu wanga, ndipo buleki yonyowa sigwira.

Pomanga ndinatsuka habu ndi palafini, mlomo wa seal ndinaulozetsa mkati kumene kuli oyilo, kenako ndinaikhoma pang'onopang'ono ndi hamala pa thabwa, poti chokhomera chake chenicheni ndilibe. Kodi mwina imalowa mopendama osaoneka ndi maso?

Chimene chikundikayikitsa kwambiri ndi pa spindle, pomwe seal imakhala. Ndikayendetsapo chikhadabo ndikumva kamzere kodyeka kozungulira. Kodi pamenepa kupala ndi sandipepa yosalala kungakwane, kapena ndiikepo sleeve, kachitsulo kopyapyala kovekera pamalo podyekapo? Nanga muno mu Lilongwe ndingaipeze kuti, kwa Malangalanga kapena ku Kanengo konko?

Chinanso, maberingi mumamanga bwanji kuti habu isamagwedere? Ine ndimangomva ndi dzanja. Wina wandiuza kuti breather (kotulukira mpweya) ya difu, bokosi la magiya la pa ekiselo, ikatsekeka ndi fumbi mpweya umakankha oyilo pa seal, mawa ndiichotsa ndiione.

Amene munakumanapo nazo, chonde ndiuzeni ndiyambire pati. Thiraki ili pa jeke, Lolemba ikuyenera kunyamuka.