Masipuling'i a Land Cruiser pa Hilux: ikwera bwanji?

Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Hilux yanga yakale idakhala pansi kumbuyo chifukwa chosenza matumba a chimanga. Ndapeza masipuling'i a Land Cruiser 79, koma ndisanamasule kalikonse ndikufuna kudziwa kuti galimoto ikwera motani.

Ndamanga chingwe pakati pa mabowo awiri a mabushi a kumapeto kwa sipuling'i, n'kuyeza kuchokera pa chingwecho kufika pa bawuti yapakati pa sipuling'iyo. Kupindika kwake kukuposa kwa anga ndi mainchesi 2. Ndiwerengere kuti galimoto ikwera mainchesi 2 omwewo? Ndikukayika, poti ngolimba, ndipo Hilux njopepuka, siiwapondereza kwenikweni. Komanso pa Hilux yanga masipuling'i amakhala pamwamba pa difu (chitsulo cholumikiza matayala akumbuyo), ndiye kuchindikala kwawo kuwonjezeranso msinkhu.

Nanga akakhala aatali, shakolo (kachitsulo kolumikiza mapeto a sipuling'i ku chasisi) ipendekeka bwanji? Inu amene munayesapo, mashoko ndi paipi ya mabuleki zinakwana?