Ammonium nitrate m'madzi: kutentha kutsika ndi madigiri angati?

wa_fomu_4
Akuluakulu, ndithandizeni. Magalamu 8.0 a ammonium nitrate asungunulidwa m'magalamu 100 a madzi a madigiri 25.0. Buku likuti ΔH, kusintha kwa mphamvu ya kutentha posungunuka, ndi +25.7 kJ pa mole. Madziwo afika madigiri angati? Poyesa m'bikala yagalasi, thermometer inaima pa 20.2. Kodi mu q = mcΔT (mphamvu ya kutentha = kulemera × c × kusintha kwa madigiri) ndiike m wa 100, madzi okha, kapena wa 108, madzi pamodzi ndi ammonium nitrate?

mphunzitsi_chem
Yambani ndi ma mole. Mole (muyezo wa kuchuluka kwa tizidutswa ta chinthu) imodzi ya mchere umenewu, ammonium nitrate (NH₄NO₃), imalemera magalamu 80, ndiye 8.0 kugawa ndi 80 ndi 0.10. Chulukitsani ndi 25,700 J, mupeza 2,570 J. Apa ndi pamene ambiri amagwa: amasiya 25.7 osasintha kukhala ma joule, pomwe c, mphamvu yofunika kukweza galamu imodzi ya madzi ndi digiri imodzi, amene ndi 4.18, ali mu ma joule pa galamu pa digiri.

Chizindikiro cha + chikutanthauza kuti mcherewo ukuyamwa mphamvu, ndipo mphamvuyo ikuchokera m'madzi momwemo, n'chifukwa chake madzi akuzizira.

Mukatenga 108: 2,570 ÷ (108 × 4.18) = 5.7, madzi afika 19.3.
Mukatenga 100: 2,570 ÷ 418 = 6.1, afika 18.9.

Pa mayeso tsatirani zimene funso lanena. Likangokhala chete, lembani poyera m amene mwasankha.

za_labu
Aphunzitsi afotokoza bwino, koma pa 108 ndiwonjezepo. 4.18 ndi wa madzi okhaokha. Madzi a mchere wochuluka chotere c wake amatsika kufika cha m'ma 3.9, ndipo 108 × 3.9 ndi 421, pafupifupi 418 yomwe ija. Choncho yankho la 100 ndi limene layandikira zenizeni, ngakhale likuoneka ngati laiwala mchere.

Za 20.2 zija, vuto ndi bikala. Galasi nalo limapereka kutentha kwake, pafupifupi 0.84 J pa galamu pa digiri. Ngati bikalayo imalemera magalamu 100, onjezani 84 pa 421 uja: 2,570 ÷ 505 = 5.1, madzi afika 19.9. Kotsalako kalowa kuchokera mumpweya ndi m'manja ogwira bikala. Gwiritsani makapu awiri a polystyrene olowetsana, muvundikire, mcherewo muupere ukhale ufa, muuthire wonse kamodzi, mutakase osasiya, n'kumawerenga masekondi 15 alionse. Lembani nambala yotsikitsitsa, osati yomaliza.

Onaninso mcherewo. Ammonium nitrate amakoka chinyontho msanga. Akachita zibuma, gawo la magalamu 8.0 aja ndi madzi. Komanso musatenge feteleza wa CAN m'malo mwake. Muli laimu amene sasungunuka, ndipo nayitirojeni wake ndi pafupifupi 27 peresenti pomwe mchere weniweni uli ndi 35.

wa_fomu_4
Zikomo kwambiri. Nanga mchere wa kukhitchini ungachite chimodzimodzi?

mphunzitsi_chem
Ungachite, koma pang'ono zedi. Wake ndi +3.9 kJ pa mole, ndiye magalamu 5.85 m'madzi omwewo satsitsa ngakhale digiri imodzi yathunthu, ndipo thermometer wamba singaonetse bwino. Mukafuna kuona kutentha kukukwera, sodium hydroxide ali ndi −44.5 kJ pa mole: magalamu 4.0 akweza ndi madigiri opitirira pang'ono 10. Ameneyo amawotcha khungu ndi maso, choncho valani magalasi oteteza, ndipo muzithira iyeyo m'madzi, osati madzi pa iye.