Kodi n'zoona kuti chitsulo amachikutira mu mayikulowevu?

Wowotcherera_Ndirande:
Akuluakulu, ndithandizeni. Ine ntchito yanga ndi yowotcherera, makamaka nyundo za chigayo zikaperepeseka. Mphwanga amene akuphunzira zauinjiniya akuti ku India amakutira chitsulo ndi ufa wa nikelo mu mayikulowevu ya kukhitchini. Ndinamuseka. Paja tsiku lina mayi a kunyumba anaiwalamo foloko, moto wake unali thethethe! Ndiye chitsulo chingalowemo bwanji?

Mai_Nabanda:
Mphwanuyo sakunama bambo. Akatswiri a ku IIT Roorkee, sukulu yaukachenjede ya zauinjiniya ku India, anachitadi zimenezi ndi mayikulowevu ya 900 W, ya 2.45 GHz. Chitsulo chathunthu chimabweza mafunde a mayikulowevu, koma ufa wosalala kwambiri ukayamba kutentha umawamwa. Ndiye amathira ufawo pamwamba pa chitsulo, n'kuikapo kachiphaphati ka graphite (zakuda zolembera za mu pensulo zija), kenako makala pamwamba pake. Makalawo ndi amene amayamba kugwira moto n'kupatsira ufawo mpaka usungunuke, umamatire. Graphite ija ndi yoteteza kuti makala asasakanikirane ndi ufa. M'mbali mwa chitsulo amabisamo ndi njerwa zosapsa ndi moto, n'chifukwa chake sichithetheka ngati foloko yanu ija.

Chimwene88:
Makala omwewa a pambaula?

Mai_Nabanda:
Omwewo, osinja bwino. Ena m'malo mwa makala amaika silicon carbide, ija amapangira miyala yonolera.

Gogo_Fitter:
Achimwene, musatengeke. Tizitsulo timene amayesera kumeneko ndi ting'onoting'ono ngati bokosi la machesi, ndipo nikelo amasungunuka pa madigiri Celsius 1,455. Ya mayi a kunyumbayo muipsereza chabe. Nyundo za chigayo pitirizani ndi ma hardfacing rod, ndodo zowotcherera zija zolimbitsa pamwamba pa chitsulo.